Windo la aNasibeko ndi Nduna Ziwiri

Dziko la Tidzaonamawa lili pakati pa mapiri awiri, pamalo poti mphepo ikachokera kum'mawa imafika ngati mlendo wodziwa kale njira ya kukhitchini. Pa nthawi ya nkhani inoyi dzikolo linkalamulidwa ndi Mfumu Sindilakwa Wachitatu, mwana wa Sindilakwa Wachiwiri, yemwe naye adamwalira asanalakwepo. Anthu ankaikonda mfumu yawoyo, makamaka ikakhala pafupi.

Dzinja lina kudabwera namondwe amene adasasula madenga, kugwetsa zimbudzi ndi kuswa magalasi onse a kunyumba yachifumu. Za madenga ndi zimbudzi mfumu idazimva ndi khutu limodzi. Za magalasizo idazimva ndi thupi lonse, chifukwa mphepo idalowa mpaka kuchipinda n'kuulutsa chisoti chake cha nthenga, chimene chidakapezeka m'khola la nkhumba. Mvula itakata, mfumu idatenga nduna zake, akazi a ndunazo ndi ophika awo, n'kupita kutsidya la nyanja kukaphunzira momwe anthu akumeneko amalandirira mphepo. Adakhalako nyengo yonse yokolola. Adabwerako atanenepa, atanyamula nzeru imodzi: kumeneko windo lililonse lili ndi chitseko chake chathabwa, chimene amatseka namondwe akamabwera.

Mfumu idaitanitsa msonkhano pabwalo lalikulu ndipo idalankhula kuyambira m'mawa mpaka mithunzi itatembenuka. Idakumbutsa anthu kuti makolo awo adagonjetsa mikango, dzombe ndi atsamunda, ndiye sangagonje ndi chinthu chopanda ngakhale miyendo. Pomaliza idakweza ndodo yake.

"Kuyambira lero windo lililonse m'dziko muno likhale ndi chitseko. Namondwe akabweranso adzapeze kuti kuno kuli boma."

Anthu adaomba m'manja, ena chifukwa chogwirizana nazo, ena pofuna kudzutsa manja amene adachita dzanzi. Kunena zoona, lamulolo lidali labwino. Izi zidadabwitsa anthu ambiri, ndipo akuluakulu a mumsika adachenjezana kuti asafulumire kusangalala, poti lamulo labwino silikhala lokha nthawi yaitali, limakhala ndi abale ake m'mbuyo.

Abalewo adabadwira m'nyumba ya uphungu. M'dzikomo mudali Nduna ya Zitseko ndi Maloko, a Mpiringidzo, amene adali mlamu wa mfumu. Mudalinso Nduna ya Mawindo ndi Kaonekedwe ka Dziko, a Kasuzumira, amene adali msuweni wa mfumu. Awiriwa adali asanadyerepo m'mbale imodzi, ndipo tsopano padabuka funso limene silidafunsidwepo chilengedwere dziko: kodi chitseko cha pawindo n'cha yani?

A Mpiringidzo adati dzina lokha likudzinenera. Chinthucho ndi chitseko, ndipo chitseko chilichonse, kuyambira cha kunyumba yachifumu kufikira cha khola la nkhunda, chili m'manja mwawo. A Kasuzumira adayankha kuti mwana wobadwira pakhomo pako ndi wako ngakhale atam'patsa dzina la kwa eni. Chinthucho chimaswera pawindo, chimagona pawindo, ndiye munthu wa zitseko achifunenji? Adakangana mpaka aphungu ena adayamba kubwera ndi mikeka. Adaitanitsa akatswiri a chiyankhulo, amene adafufuza n'kupeza kuti pakati pa chitseko ndi windo pali kamawu kakuti "cha", ndipo kamawuko kalibe nduna. Phungu wina adaimirira pomwepo kupempha kuti pakhazikitsidwe Unduna wa Cha, nadzipereka kuti iye atha kuuyendetsa.

Mfumu idamva mbali zonse. Kukhumudwitsa mlamu kudali kuyambitsa nkhondo kuchipinda. Kukhumudwitsa msuweni kudali kuyambitsa nkhondo kwa amayi ake a mfumu, omwe adali adakali ndi mano onse. Choncho idagamula kuti onse awiri akunena zoona, ndipo aliyense akapange malamulo ake.

A Mpiringidzo adalamula kuti chitseko cha pawindo chizikhala chotseka nthawi zonse, chifukwa namondwe satumiza mthenga, ndipo chitseko chotsegula ndi bowo chabe. A Kasuzumira adalamula kuti windo lizikhala lotsegula kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka kulowa kwake, zivute zitani, kuti dziko lizioneka losangalala komanso kuti mfumu ikamadutsa anthu aziibayibitsa. Adati windo lotseka ndi khoma chabe. Pa chinthu chimodzi chokha ndunazo zidagwirizana, ndicho chilango. Nyumba yophwanya lamulo izilembedwa mtanda wofiira pakhoma, ndipo nyumba yolembedwa mtanda isagulitsidwiremo kanthu kufikira mfumu itaikumbukira. Aliyense ankadziwa kuti mfumu sikumbukira nyumba za anthu.

Ku msika wa Mwangomva nkhaniyi idalandiridwa mwaulemu. Wometa tsitsi adati lamuloli n'losavuta, lili ngati kuuza munthu kuti ayasamule atatseka pakamwa. Ogulitsa makala adathokoza Mulungu kuti iwo alibe khoma. Akalipentala okha ndi amene ankayenda akuimba likhweru, chifukwa windo lotseka ndi lotsegula onse ankafuna thabwa.

Amene zidawakhalira pakhosi ndi aNasibeko, mayi wa tiyirumu ya pafupi ndi chigayo. Tiyirumuyo idali ndi windo limodzi lalikulu loyang'ana kum'mawa, ndipo moyo wa banja lonse unkadutsa pawindo pamenepo. Makapu a tiyi ankatulukira pomwepo, masikono ndi zitumbuwa pomwepo, nkhani za mumsika n'kumalowera pomwepo. Kunja kwake kudali benchi lalitali, ndipo kumapeto kwa benchilo kunkakhala amuna awo, a Dzoole, amene adasiya kupalasa kabaza bondo litawakana. Ntchito yawo tsopano idali yolondera benchi kuti lisathawe. Ana awo aakazi awiri adali kusukulu yogonera konko, ndipo sopo, makope ndi nsapato zawo zonse zinkachokera m'ketulo ya amayi awo. Mtanda wofiira pakhoma limenelo ukadatanthauza kuti anawo abwerere kunyumba.

ANasibeko adamvera lamulo la mfumu msanga. Adakhometsa chitseko cha mbali ziwiri, chotsekera pakati ndi kachitsulo kokolowekera, ndipo adachipaka utoto wobiriwira. Sabata isanathe kudafika woyendera wa Unduna wa Zitseko, Lufeyo Mtambalika, mwamuna wamtali, wofatsa, wovala yunifolomu yabuluu imene inkam'thera m'mikono. Adanyamula chitini cha penti wofiira ndi burashi. Adapereka moni mwaulemu, napepesa, napempha kuti windo litsekedwe. ANasibeko adatseka, ndipo anthu adamwa tiyi mumdima, ena akuthira shuga m'kapu ya mnzawo.

Madzulo a tsiku lomwelo kudafika woyendera wa Unduna wa Mawindo, Edesi Kamtedza, wamfupi, woyenda mwachangu, wovala yunifolomu yachikasu. Naye adanyamula chitini chofiira. Uyu sadapepese. Adafunsa ngati pachitika maliro, ndipo atamva kuti palibe wamwalira adalamula kuti windo litsegulidwe. ANasibeko adatsegula.

Kwa kanthawi msika udapeza njira yake. Mayi wogulitsa usipa pachipata ndiye adasanduka maso a onse. Akaona buluu ankafuula kuti usipa watsika mtengo, ndipo msika wonse unkamveka phaa! phaa! mawindo kutsekedwa. Akaona chikasu ankafuula kuti usipa wakwera, mawindo n'kutseguka. Alendo osadziwa ankathamangira pachipata ndi mabesini, n'kubwerera akutukwana. Zinthu zinkayenda ndithu, kufikira tsiku limene buluu ndi chikasu zidalowa pachipata nthawi imodzi. Mayi wa usipa adangoti kukamwa yasa, kenaka adafuula kuti usipa watha.

Oyendera awiriwo adakumanizana pawindo la aNasibeko. Lufeyo adapempha kuti litsekedwe. Edesi adalamula kuti likhale momwe lilili. Onse adatsegula zitini zawo, ndipo fungo la penti lidaposa la tiyi. ANasibeko adasendera pawindopo. Adatseka mbali yakumanzere ya chitseko, yakumanja n'kuisiya yotsegula, napukuta manja pa chitenje.

"Ana anga, ine ndine munthu wa tiyi, malamulo ndi anu. Mbali iyi ndi yanu achimwene, iyi ndi yanu achemwali. Khalani pabenchipo mugwirizane. Chimene mugwirizane ndichita, ngakhale mutati ndigwetse khoma."

Lufeyo adaganiza mozama n'kuona kuti theka la lamulo lake latsatidwa, ndipo theka la mtanda silingalembeke. Edesi adaonanso chimodzimodzi. Koma padali vuto lina. Lufeyo akachoka, Edesi atsegula mbali zonse. Edesi akachoka, Lufeyo atseka mbali zonse. Palibe amene akadayamba kunyamuka. Adakhala pabenchipo, wina uku wina uku, a Dzoole pakati ngati malire a munda, mpaka dzuwa lidalowa ndipo lamulo la mawindo lidapita kukagona. M'mawa mwake onse awiri adalawirira, aliyense kudzalondera thabwa lake.

Msika udazindikira msanga kuti Mulungu wawayendera. Oyendera onse awiri atamangika pawindo limodzi, mawindo ena onse adali pa ufulu. Anthu ankatsegula kukatentha n'kutseka kukachita fumbi, monga ankachitira makolo awo asanaphunzire. Akuluakulu a msika adakumana kuseri kwa chigayo n'kugwirizana kuti awiriwo asasowe kanthu pabenchipo. Wogulitsa nthochi ankasiyapo phava, wokazinga chiwaya ankatumiza kambale, ndipo telala adafutukula mikono ya yunifolomu ya Lufeyo osam'pempha kalikonse.

Masiku oyamba awiriwo ankangokambirana za malamulo. Edesi ankati anthu a zitseko ndi amdima, n'chifukwa chake samwetulira. Lufeyo ankayankha modekha kuti anthu a mawindo amakonda za eni. Kenaka nkhani za malamulo zidatha, poti malamulowo adali awiri okha. Zidadziwika kuti Lufeyo adaferedwa mkazi zaka zapitazo ndipo ankadziphikira yekha, mbale imodzi, mphika umodzi. Zidadziwikanso kuti Edesi ankaimba kwaya, ndipo amuna amene adayesapo kum'funsira adathawa atamva liwiro la lilime lake. Lufeyo lilime limenelo silinkamuopsa. Ankati kunyumba kwake kuli zii wokwanira anthu awiri.

ANasibeko ankamva zonsezi ali m'kati, akupukuta makapu. Tsiku lina adalengeza kuti masikono atha, yatsala imodzi yokha, ndipo adaiika pambale pakati pa awiriwo. Lufeyo adainyema, napereka mbali yaikulu kwa Edesi. Kuyambira pamenepo masikono a pa tiyirumu imeneyo ankatha modabwitsa tsiku lililonse, ngakhale dengu lidali lodzaza kuseri kwa kauntala. A Dzoole nawo adayamba kudandaula kuti pakati pa benchi pakuwawitsa bondo, nabwerera kumapeto kwawo. Malire a munda adafafanizika pang'onopang'ono.

Koma mbiri ilibe chitseko. Nkhani ya windo lotseka theka idafika kulikulu, ndipo nduna zonse ziwiri zidaimva ngati chipongwe. A Mpiringidzo adati theka lotsegulalo ndi chiwembu. A Kasuzumira adati theka lotsekalo ndi kuukira boma. Aliyense adatumiza mawu kwa woyendera wake kuti pofika Loweruka, tsiku la msika waukulu, windolo likhale lamvera kwathunthu, apo ayi khomalo lilembedwe mtanda. Woyendera wolephera akavule yunifolomu.

Sabata yomweyo anthu oona zanyengo adachenjeza kuti kunyanja yaikulu kwabadwa namondwe wina, ndipo akubwera cha kuno. Nyumba ya uphungu idakumana mwadzidzidzi. Adayamba ndi kukambirana ngati n'koyenera kuti namondwe alowe m'dziko popanda chilolezo, ndipo adagwirizana kuti n'kosayenera. Kenaka adafika pa nkhani ya mawindo a kunyumba yachifumu. Pofuna mtendere, mfumu idagawa nyumbayo pakati. Mawindo a kum'mawa, oyang'ana kumsewu, idawapereka kwa a Kasuzumira kuti akhale otsegula, anthu aziona kuti mfumu siopa. Mawindo a kumadzulo idawapereka kwa a Mpiringidzo, amene adawatseka n'kuwakhomerera ndi misomali. Phungu wina wachikulire adafunsa kuti nanga mphepo ikalowa kum'mawa idzatulukira kuti. Adamuyankha kuti funsolo ndi la Unduna wa Zotuluka, umene udali usanakhazikitsidwe.

Ku Mwangomva, aNasibeko nthabwala zidawathera. Lachisanu adaphika tiyi wopanda shuga osazindikira, ndipo palibe kasitomala amene adalimba mtima kuwauza. Adauza amuna awo kuti nzeru zawo zafika pamapeto. Akatseka, Edesi alemba mtanda. Akatsegula, Lufeyo alemba. Akasiya theka, alemba onse awiri, ndipo khoma lawo likhala ngati manda. A Dzoole adati mwina namondwe afika msanga n'kutenga khomalo, boma lisowe polemba. Akazi awo sadaseke.

Pabenchi napo zinthu sizidali bwino. Zitini ziwiri zofiira zidakhala pansi moyandikana, eni ake osayang'anana.

Loweruka kudacha kotentha, kopanda ngakhale kamphepo. Msika udadzaza. Dzuwa litapendeka pang'ono, kum'mawa kudada bii, nkhuku zidayamba kulowa m'makola, ndipo mapepala a mumsika adanyamuka onse pamodzi ngati amva kuitana. Apa palibe amene adadikira mayi wa usipa. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, amatero akulu, koma tsiku limenelo wamva mphepo ndiye adatseka windo. Msika wonse udamveka phaa! phaa! popanda kufunsa nduna iliyonse. Anthu amene adalibe makoma adathamangira kwa amene adali nawo, ndipo tiyirumu ya aNasibeko idadzaza ndi ogulitsa makala, amayi a tomato, mbuzi ya munthu wina, a Dzoole ndi benchi lawo, pamodzi ndi oyendera awiri aja.

M'msika monsemo windo limodzi lokha ndi limene lidatsala lotsegula theka, chifukwa ndi lokhalo limene boma lidali pomwepo.

Mphepo idalipeza. Idalowa ndi mvula yake, idagwetsa makapu, idazimitsa mbaula, idanyamula dengu la masikono n'kuulula chinsinsi cha aNasibeko pamaso pa onse. Kenaka malata adayamba kulira, ndipo denga lidaoneka likupuma ngati chifuwa cha munthu wothamanga. Amuna adadumpha n'kugwira mitengo ya denga, kulendewera ngati nyama ya pa bucha. Aliyense adayang'ana kwa Lufeyo, poti kutseka idali ntchito yake, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya unduna wake anthu ankafuna kuti aigwire.

Lufeyo adaima patsogolo pa thabwa lotsegulalo, madzi akum'menya kumaso, osalikhudza.

"Mbali iyi ndi ya aEdesi. Ikatsekedwa ntchito yawo yatha. Isiyeni, ine nditchinga ndi msana."

"Msana wanuwo ndi thabwa?" adafunsa Edesi. "Tsekani windolo, bambo inu."

"Lamulo lanu likuti likhale lotsegula mpaka dzuwa litalowa."

"Dzuwalo mukuliona? Tsekani."

"Sinditseka."

Anthu olendewera kudenga aja adamva ndi makutu awo wa zitseko akumenyera kuti windo litseguke, wa mawindo akumenyera kuti litsekeke. Wogulitsa makala wina, miyendo ili m'malere, adapempha mwaulemu kuti ngati n'kotheka chikondicho chipitirire mawa.

Edesi adam'kankha Lufeyo ndi phewa, natulutsa dzanja kunja, nakoka thabwa lija ndi mphamvu zake zonse. Lidatsekeka, koma kachitsulo kokolowekera kadathyoka nthawi yomweyo. Adagwira chogwirira ndi manja awiri, mapazi ataponda khoma, mphepo ikum'koka ngati ikufuna kupita naye. Lufeyo adasiya za malamulo n'kugwira pamodzi naye. ANasibeko adavula chitenje chapamwamba, nachipisa m'zogwirira zonse ziwiri, ndipo a Dzoole adapingasa benchi lawo pawindo kuti amangirirepo. Ngakhale zidatero, awiriwo sadasiye kugwira. Adakhala choncho phewa ndi phewa mpaka mphepo idatopa, ndipo ena amati adapitirizabe kwa kanthawi mphepo itatopa kale.

Denga lidakhazikika. Olendewera adatsika mmodzimmodzi akutikita mikono. Mbuzi idali itamaliza masikono. Pansi ponse padali pofiira, chifukwa zitini ziwiri zija zidagubuduka m'chipwirikiti, ndipo aliyense amene adatuluka m'tiyirumumo adasiya mapazi ofiira mumsika, koma pakhoma padalibe kadontho.

Kunja adapeza mitengo itagwa, timisasa ta tomato titapita, ndi madenga angapo atang'ambika. Koma nyumba zambiri zidaima, ndipo palibe amene adamwalira. Chimene chidadabwitsa anthu chidali pabwalo la mpira kuseri kwa msika. Padagona denga lalikulu la malata obiriwira, atsopano, okhuthala, amtundu umene ku Mwangomva ankangouonera patali. Lidatera bwinobwino ngati nkhwazi. Wometa tsitsi adalizungulira kawiri, navula chipewa, nati wakhala akupempha kwa zaka zambiri kuti boma lifike kumsika kuno, koma sankayembekeza kuti liyamba ndi mutu.

Zimene zidachitika n'zakuti mphepo idalowa kunyumba yachifumu kudzera m'mawindo a a Kasuzumira, idafunafuna potulukira, idapeza misomali ya a Mpiringidzo, ndipo posafuna kuphwanya lamulo la nduna iliyonse idatulukira kumwamba.

Patapita masiku awiri mfumu idaitanitsa msonkhano. Idakhala pampando wake m'chipinda chopanda denga, munthu ataigwirira ambulera. Anthu ankayembekeza kumva kuti wina walakwa, koma mfumu idawakumbutsa dzina lake. Idati denga lija silidauluke. Lidachotsedwa dala, mogwirizana ndi ndondomeko yatsopano yoti boma lizichita zinthu poyera, ndipo namondwe adangothandizira ntchito imene idakonzedwa kale. Idati mfumu yokhala pansi pa malata imatalikirana ndi Mulungu komanso ndi anthu ake, ndipo iyo dengalo ilibe nalonso ntchito. A Mpiringidzo adalandira mendulo chifukwa palibe windo lawo limene lidatseguka. A Kasuzumira adalandira mendulo chifukwa palibe windo lawo limene lidatsekeka. Phungu uja wa Unduna wa Cha adapatsidwa Unduna wa Madenga, ndipo adalonjeza kuyamba ndi ulendo wokaphunzira kutsidya la nyanja.

Komabe msonkhano wotere sutha popanda wolangidwa. Edesi Kamtedza adachotsedwa ntchito chifukwa chotseka windo dzuwa lisanalowe. Lufeyo Mtambalika adachotsedwa ntchito chifukwa mboni zidamumva akukana kutseka. Za tiyirumu palibe amene adazikumbukira, ndipo oyendera atsopano sadatumizidwe, chifukwa penti yense wofiira wotsala adapita kukapakidwa pa nsanja ya mamendulo.

Awiriwo adabweza mayunifolomu tsiku limodzi, nabwerera ku Mwangomva wapansi. Adafika pabenchi atavala zovala wamba, ndipo anthu adatenga kanthawi kuti awazindikire. ANasibeko adawapatsa tiyi, nawafunsa chimene achite tsopano. Lufeyo adati iye ali ndi kanyumba kosamaliza kuseri kwa tchalitchi, makoma okhaokha, ndipo amaganiza kuti mwina, ngati n'kotheka, pakapezeka nthawi. Edesi adadikira kuti amalize, koma ataona kuti chiganizocho chifika chaka chamawa, adauza aNasibeko kuti bamboyu akufuna kudziwa kumene amalume ake a Edesiyo amakhala, ndipo iye wamuuza kale.

Nkhani ya denga la pabwalo la mpira idatha mwachilungamo. Akuluakulu a msika adadikira sabata yathunthu kuti mwini wake abwere. Amene adabwera ndi amithenga awiri a kunyumba yachifumu, ndi ngolo, akuyenda chozemba. Adanong'oneza kuti atumidwa kudzatenga malata aja. ANasibeko adawalandira ndi tiyi, nawafunsa mokweza, kuti msika wonse umve, ngati akutanthauza kuti mfumu idalakwitsa pamene idati dengalo ilibe nalo ntchito. Amithengawo adayang'anana. Adamaliza tiyi wawo mwachangu, nati iwo amangodutsa, ndipo ngoloyo ndi yonyamulira mpweya.

Malatawo adagawidwa tsiku lomwelo. Oyamba kulandira adali amene madenga awo adang'ambika, kenaka amayi a tomato. Otsala, omwe adali abwino koposa, msika udagwirizana kuti akafolere kanyumba ka kuseri kwa tchalitchi. Lufeyo adakwera pamwamba ndi hamala, Edesi ali pansi akumuuza pamene walakwitsa, ndipo anthu odutsa adati banjali layamba kale, chatsala ndi mpunga.

Ukwati udachitika mvula itakata. Kwaya ya Edesi idaimba, mayi wa usipa adalulutira mpaka mawu adam'thera, ndipo ana a aNasibeko adabwera kuchokera kusukulu atavala nsapato zatsopano. Phwando lili m'kati kudagwa kamvula kosochera, kotsanzikira dzinja, ndipo anthu onse adathamangira m'nyumba ya akwatiwo. Adadzazana m'menemo akumvetsera madontho akugunda malata okhuthala aja. Panthawi yomweyo, kulikulu, nyumba ya uphungu inkakambirana za mtundu wa maambulera oyenera nduna.

A Dzoole adakhala pakona, bondo atalitambasula, akuyang'ana kudenga. Wometa tsitsi adawafunsa chimene akuganiza.

"Chibadwire changa akhala akutiuza kuti ufumu uli pamwamba pathu," adatero a Dzoole. "Koma kuti n'kutitchinga mvula, ndayamba kuona chaka chino."